Woonda chonchi, mafuta m'magazi achokera kuti? Yankho kwa achemwali a ku Area 25

Achemwali ena a ku Area 25 andilembera imelo. Ali ndi zaka 34, thupi lawo ndi laling'ono, kuntchito amapita wapansi. Atayezetsa magazi awauza kuti cholesterol yawo, mtundu wina wa mafuta a m'magazi, yakwera kwambiri, ija amati LDL ili pa 6.3, ndipo awalembera mapiritsi. Bambo awo anagwa mwadzidzidzi n'kumwalira asanakwanitse zaka 50. Funso lawo ndi ili: "Kodi zimenezi n'zakumtundu? Nanga nditasiya chiwaya ndi zokazinga zonse, sindingawapewe mapiritsiwa?"

Achemwali, kalata yanuyi yandikhudza pachilonda. Ine sindine dokotala, ndipo magazi anu sindinawaone, koma zimene mwafotokozazi ndi nkhani ya kwathu ndendende. Mundilole ndiyambire kutali, yankho lanu mulipeza m'kati momwemo.

Bambo anga anali kalipentala ku Kawale. Munthu woonda, wamtali, wosasuta, mowa anasiya ine ndisanabadwe. Kulikonse ankapita pa njinga. Nsima yawo inali ya mgaiwa, ndiwo zake nyemba, usipa, nkhwani wotendera. Nyama tinkaionera kumapeto kwa mwezi. Chaka chimene anatisiyacho ankadandaula za chilungulira. Akakwera chitunda ndi matabwa pa njinga ankaima, n'kugwira pachifuwa, akafika kunyumba n'kusungunula soda m'madzi n'kumwa. Tonse tinkati ndi m'mimba. Loweruka lina akupala thabwa anangokhala pansi, thukuta lili kamukamu, nati dzanja lamanzere lachita dzanzi. Pamene galimoto inkapezeka n'kuti atapita kale. Anali ndi zaka 47.

Patangopita zaka zochepa, bambo aang'ono, mng'ono wawo weniweni, anagwera m'munda kumudzi cha ku Mitundu, khasu lili m'manja. Iwo sanafike n'komwe zaka za mkulu wawo. Kenako azakhali anafa ziwalo mbali imodzi. Atatu a bere limodzi.

Mukudziwa kale zimene zinanenedwa pasiwa. Anthu ankanong'onezana kuti imfa zotere sizingochitika, alipo amene akumenya anthu hamala. Chala chinaloza gogo wina wamasiye, mlamu wawo wa agogo anga, amene ana ake onse anali atamwalira. Sanamumenye, sanamutenthere nyumba, koma zimene anamuchita sizisiyana kwenikweni ndi zimenezo. Nsima yake panalibe woilandira. Ana tinaletsedwa kuponda pakhonde pake. Akafika pamjigo amayi ankabalalika. Anamwalira ali yekhayekha m'kanyumba kodontha, mlandu wake uli woti anakalamba pamene anyamata ankafa. Nkhope yake ndimaikumbukira mpaka lero, ndipo ndikaiganiza mtima umandiwawa kwambiri, chifukwa tsopano ndikudziwa chimene chinapha bambo anga. Chinali m'magazi mwawo chibadwire, ndipo chili m'magazi mwanga.

Ine ndinadziwa mwamwayi chabe. Kuntchito anatituma kukayezetsa thupi lonse chifukwa cha inshulansi. Adokotala ataona pepala langa anandiyang'ana, nandiuza kuti ndivule nsapato. Anagwira mtsempha waukulu uja wa kuseri kwa chidendene, naupeza wokhuthala, wa timibulu. Anayang'ana mfundo za zala zanga, anayang'ana m'maso. Kenako anafunsa funso limene palibe wachipatala wina anali atandifunsapo: "Bambo anu anamwalira ali ndi zaka zingati?" Timibulu timeneto bambo anga anali nato pa zala, ndipo tonse tinkati ndi ntchito ya manja. Ndi cholesterol imene yasowa kopita n'kuyamba kuunjikana m'minyewa. Ena imawatulukira ngati timadontho tachikasu pazikope, ena kamzere kotuwa kozungulira diso akadali achinyamata. Ambiri alibe chizindikiro chilichonse.

Matendawa achipatala amawatchula kuti familial hypercholesterolaemia, mwachidule FH. Kuti muwamvetse muyambe mwachotsa m'mutu maganizo akuti cholesterol yonse imachokera m'mbale. Yambiri imapangidwa ndi chiwindi chanu chomwe, ndipo thupi limaifuna: imamanga khungu la maselo, imapanga mahomoni ndi ndulu. Imayenda m'magazi itapakiridwa m'timitolo, ndipo timitolo timene timavuta ndi ta LDL. Chiwindi chomwecho ndi chimene chimachotsanso LDL m'magazi, pogwiritsa ntchito timapuloteni tokhala pamwamba pa maselo ake, totchedwa LDL receptor.

Taganizani za siteji ya minibasi madzulo, anthu ataweruka. Anthu oima pasiteji ndiwo LDL, minibasi ndiwo ma receptor aja: imanyamula anthu, kukawatsitsa, kubwerera kudzatenga ena. Munthu wa FH anabadwa minibasi theka zili zowonongeka. Anthu amangodzadza pasiteji mpaka kusefukira mumsewu, osati chifukwa achuluka kuposa masiku onse, koma chifukwa owanyamula ndi ochepa. M'thupi, LDL yotsalirayo imalowa m'makoma a mitsempha, n'kumaunjikana chaka ndi chaka kuyambira munthu ali mwana, mpaka tsiku limene chotupacho chiphulika, magazi n'kuundana, njira yopita ku mtima n'kutsekeka. Munthu wamba zimenezi zimamupeza atakalamba. Wa FH pofika zaka 40 mitsempha yake imakhala itasenza katundu wa munthu wa zaka 70.

Dokotala wina wa ku Norway, Carl Müller, analemba kale mu 1938 za mabanja okhala ndi timibulu timeneti amene ankafa ndi mtima akadali achinyamata. Amene anadzatulukira ma receptor aja ndi Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1985 analandira nazo mphoto ya Nobel. Majini (osati mizimu ayi, koma timalangizo ta m'thupi timene timatengera kwa makolo) amene amalakwika ndi atatu makamaka. Kawirikawiri ndi la LDLR, limene limapanga receptor yeniyeniyo. Nthawi zina ndi la APOB, limene limapanga chogwirira cha pa LDL, moti receptor imalephera kuigwira bwino. Lachitatu ndi PCSK9, ndibwereranso kwa ilo chifukwa nkhani yake imatikhudza ife anthu akuda mwapadera.

Jini lolakwikalo likachokera kwa kholo limodzi lokha, basi, matenda alipo. Mwana aliyense wa munthu wa FH ali ndi theka la mwayi wolitenga, kaya ndi wamwamuna kaya wamkazi, ndipo silidumpha m'badwo. Padziko lonse akuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 250 aliwonse ali nalo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndipo mumzinda wa Lilongwe mokha anatsala pang'ono kukwana miliyoni imodzi. Mukagawa ndi 250 mupeza anthu ngati 70,000 dziko lonse, ndi ngati 4,000 mumzinda uno, ngati nafenso tili monga maiko ena. Popanda mankhwala, pafupifupi theka la amuna a FH amadwala mtima pofika zaka 50, ndipo amayi atatu mwa khumi aliwonse pofika zaka 60. Amayi amachedwerako, koma sapulumuka.

Kuno kumwera kwa Africa nkhaniyi si yachilendo. Pakati pa azungu a Afrikaner a ku South Africa, FH imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu osakwana 100, chifukwa mtundu wonsewo unachokera mwa mabanja ochepa amene anafika ku Cape zaka za m'ma 1600 ndi 1700, ena mwa iwo atanyamula jini limeneli, n'kumakwatirana okhaokha. N'chifukwa chake ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli makiliniki akale ndithu oona za mafuta a m'magazi okhaokha.

Apa ndiye pamene ndimakwiyira. Kafukufuku wambiri wa majini padziko lapansi wachitika pa anthu ochokera ku Ulaya, chonsecho anthu a mu Africa ndi amene majini awo ali osiyanasiyana kuposa a kwina kulikonse. Ndipo pamene asayansi anatembenuka n'kuyang'ana magazi a anthu akuda, taonani zimene anapeza. Jini la PCSK9 limapanga puloteni imene ntchito yake ndi kuwononga ma receptor aja. Mu 2003 asayansi a ku France anapeza mabanja amene PCSK9 yawo inali yolusa mopitirira, cholesterol yawo ili m'mwamba. Kenako Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen, a ku Dallas komweko, anafunsa funso lotembenuza: nanga amene PCSK9 yawo ndi yofooka? Anawapeza pakati pa anthu akuda a ku America, awiri kapena atatu pa 100 aliwonse. Mu 2006 anasonyeza kuti anthu amenewa LDL yawo inali yotsika ndi 28 peresenti, koma chiopsezo cha matenda a mtima chinali chotsika ndi 88 peresenti. Chifukwa chake n'choti kutsikako kunayamba tsiku lobadwa, osati atakula. Mu 2007 ofufuza ena anapeza kusintha komweko kwa jini, kotchedwa C679X, mwa amayi a ku Zimbabwe opita kusikelo, pafupifupi anayi pa 100 aliwonse. Mmodzi mwa iwo anatengera kwa makolo onse awiri, LDL yake ili pa 0.4 yokha, ali bwinobwino. Pofika 2015 makampani anali atapanga jakisoni wotseka PCSK9, evolocumab ndi alirocumab, amene amatsitsa LDL ndi theka kapena kuposa.

Ndiye kuti nzeru ya mankhwala amenewa inatuluka m'magazi a anthu onga inu ndi ine, anthu akuda a ku America ndi a ku Zimbabwe pafupi pompa, koma mtengo wake ndi woti mphunzitsi kapena kalipentala wa ku Kawale sangaulote. Ine ndimaona kuti kumeneku ndi kulakwa, ndipo sindisintha maganizo. Ntchito monga ya H3Africa, yofufuza majini a anthu a mu Africa pansi pa utsogoleri wa asayansi a konkuno, ndiyofunika kwambiri, koma phindu lake liyenera kufika pa shelefu ya famase ya boma, osangothera m'mabuku.

Ndipo tisanaloze chala kunja, tidziyang'ane tokha. Mwambo wathu wa kuno ku chigawo chapakati umawerenga mtundu kuchikazi. Ukafunsa munthu za kwawo amakuuza za amayi ake, atsibweni ake, mbumba yonse. Akuchimuna timangowadziwa pa chinkhoswe ndi pamaliro, makamaka ngati ukwati unatha kapena bambo anamwalira ana ali aang'ono. Koma jini silidziwa za chikamwini. Limabwera kuchimuna chimodzimodzi ndi kuchikazi. Ine anthu amene ndikugawana nawo vutoli si abale anga a kwa amayi amene ndinakula nawo, koma ana a bambo aang'ono ndi a azakhali, amene ena mwa iwo ndinachita kuwafunafuna pa foni kudzera mwa anthu. Nditawapeza, kuwauza kuti akayezetse inali ntchito inanso. Wina anandiyankha kuti ndikuwalosera imfa. Wina anati iye alibe mimba ya ubwana, matenda amenewo ndi a mabwana a ku Area 10 odya soseji. Maganizo amenewa akutipha. Bambo anga analibe mimba, analibe galimoto, analibe firiji.

Chinanso ndi chizolowezi chathu chosatchula chimene chapha munthu. Pamaliro wolankhula m'malo mwa banja amangoti "anadwala kwa nthawi yochepa," kapena "anangodandaula mutu." N'ulemu, ndikumvetsa, koma ana amakula osadziwa kuti m'banja mwawo muli chiyani. Malo opanda yankho amenewo ndi amene ufiti umalowapo. Mukukumbukira zimene zinachitika ku Neno mu January 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphenzi imene inapha mtsikana. Lamulo lathu la za ufiti, la 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lokha silingatseke pakamwa pa banja limene laika anyamata atatu m'manda popanda wowauza chifukwa. Chimene chingatseke pakamwa ndi pepala la ku labotale. Ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti kuyeza magazi kukanafika m'midzi, agogo ambiri akanafa mwamtendere pakati pa adzukulu awo.

Nanga m'zipatala? Ukapita amakuyeza BP, nthawi zina shuga, ndipo n'zoyenera: kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu aliwonse m'dziko muno magazi ake amathamanga mopitirira, ndipo ofufuza za umoyo a bungwe la MEIRU atayenda khomo ndi khomo kwanu ku Area 25 konko ndi ku Karonga anapezanso kuti BP ndi shuga zafala, ambiri osadziwa kuti ali nazo. Koma za cholesterol kawirikawiri umachita kupempha wekha, mwinanso kulipira kuchipatala cha pulaiveti. Ine ndinapitapo pa chipatala china kukatenga mapiritsi anga, wondithandizayo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti munthu woonda ngati ine sindikufunika mankhwala amenewa, ndingochepetsa mafuta. Akanakhala munthu wina wosadziwa akanabwerera kunyumba ali wokondwa, n'kusiya kumwa.

Za ogulitsa mankhwala "otsuka magazi"

Achemwali, mukangouza anthu za vuto lanuli, malangizo agwa ngati mvula. Adyo, mandimu m'madzi otentha m'mawa, ufa wa chammwamba, tiyi wa m'mapaketi wogulitsidwa pa WhatsApp ndi m'mabasi a ku depoti, wochiza shuga, BP, cholesterol ndi kusabereka nthawi imodzi. Chammwamba ndi ndiwo yabwino, idyani. Koma palibe tsamba limene lingakonze jini, ndipo magazi si chovala choti n'kuchapa. Amene amauza munthu wa FH kuti ataye mapiritsi n'kugula botolo lake la K30,000 akuseweretsa moyo wa mnzake. Ngakhalenso mawu aja olembedwa pa zigubu za mafuta ophikira akuti mulibe cholesterol asakunyengeni. Mafuta onse ochokera ku zomera alibe cholesterol, n'chilengedwe chake. Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi mafuta oundana aja: a nyama yonona, a mang'ina, batala, mafuta a kanjedza, ndi aja a pachiwaya owiritsidwa mobwerezabwereza mpaka kuda.

Mapiritsi amene akulemberaniwo ndikhulupirira ndi a gulu la statin, mwina atorvastatin kapena simvastatin. Woyamba kuwatulukira anali wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, amene anawapeza mu nkhungu m'zaka za m'ma 1970, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1987. Amachepetsa cholesterol imene chiwindi chimapanga, ndiye chiwindicho, poona kuti yachepa, chimachulukitsa ma receptor kuti chikoke ina m'magazi. Jini labwino limene munatengera kwa kholo linalo limagwira ntchito mowirikiza. Statin wamphamvu amatha kutsitsa LDL ndi theka. Kusintha zakudya kokha sikungafike pamenepo. Ine ndimamwa tsiku lililonse, ndipo ndadutsa kale zaka zimene bambo aang'ono anafika.

Pali china chimene anthu ambiri sanachimvepo, chotchedwa lipoprotein(a), kapena Lp(a). Ndi kamtolo kofanana ndi LDL koma komata kwambiri m'mitsempha, ndipo kuchuluka kwake kumalamulidwa pafupifupi kotheratu ndi jini limodzi la LPA. Zakudya sizikasintha kwenikweni, ma statin sakatsitsa. Munthu mmodzi mwa asanu padziko lapansi ali nako kochuluka, ndipo anthu akuda nthawi zambiri timakhala nako kambiri kuposa azungu. Kuyeza kamodzi pa moyo wonse n'kokwanira. Kakapezeka kokwera ndiye kuti zina zonse, LDL, BP, shuga, fodya, muzigwire mwamphamvu kuposa munthu wina.

Ndisakupatseninso chithunzi choti aliyense wa cholesterol yokwera ali ndi FH. Ambiri alibe jini limodzi lalikulu lolakwika, koma timasinthidwe ting'onoting'ono tambirimbiri m'majini osiyanasiyana, kalikonse kokweza pang'ono, kuphatikiza zakudya, kunenepa ndi kukhala pansi tsiku lonse. Palinso matenda ena amene amakweza cholesterol: chithokomiro chofooka, matenda a impso, shuga wosasamalidwa. Dokotala wabwino amayamba wachotsa zimenezi.

Tsono yankho lanu. Munthu wamkulu LDL ikapitirira 4.9, bambo ake atamwalira mwadzidzidzi asanafike zaka 55, madokotala amaganizira FH pokhapokha patapezeka chifukwa china, ndipo safunika kudikira kuyeza DNA kuti ayambe kukuthandizani. Ine sindinayezedwepo DNA. Bwererani kwa adokotala anu, muwauze za bambo anu ndi abale awo, mupemphe akuyezeni chithokomiro, impso ndi shuga, akugwireninso kuseri kwa zidendene. Mapiritsiwo imwani. Chiwaya chepetsani ndithu, muchulukitse nyemba, nandolo, nsinjiro, mapeyala, usipa, mgaiwa ndi masamba, koma zimenezi n'zothandizira mapiritsi, osati zolowa m'malo mwake. Pakatha miyezi itatu kayezetseninso. Ikakana kutsika pali piritsi lina lowonjezera la ezetimibe.

Pa msinkhu wanuwo pali ziwiri zoti musabise. Ngati muli ndi pakati, mukuyamwitsa kapena mukufuna mwana, nenani, chifukwa ma statin kawirikawiri amaimitsidwa nthawi imeneyo. Ngati mumamwa ma ARV nenaninso, chifukwa ena, monga aja okhala ndi ritonavir, sagwirizana ndi simvastatin ndipo adokotala amasankha mtundu wina. Minofu ikayamba kuwawa kwambiri musangosiya panokha, kauzeni adokotala asinthe.

Achimwene ndi achemwali anu onse akayezetse, pamodzi ndi ana a abale a bambo anu. Ana anunso ayezedwe asanakwanitse zaka 10, chifukwa amene atengera amayamba mankhwala ali ndi zaka 8 mpaka 10. Ndipo inu kapena wina wa m'banjamo akamva kuthina pachifuwa pokwera chitunda, kupweteka kotsikira kudzanja kapena kukwera kunsagwada, thukuta ndi phuma, asasungunule soda. Apeze galimoto nthawi yomweyo apite ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, akafika anene kuti kwawo kuli matenda a mtima akumtundu.